Chingwe cha pa Damu la Magalasi

Mawondo angawa anathera ku Lusaka. Anthu kuno amati ndi ukalamba, koma ukalamba sudya bondo limodzi n'kusiya linzake. Lakumanjali ndi limene ndinkagwadira popukuta pansi m'nyumba za eni, ndipo ndi lomwelo limayamba kundiuza kukamabwera mitambo.

Ndinachoka kuno ku Mchinji mwana wanga Esinati ali ndi khanda kumbuyo, Yohane, bambo wa khandalo atalowera ku Joni osacheukanso. Munda unali utatopa, ine ndinali ndisanatope. Mayi wina wogulitsa kaunjika anandiuza kuti kumayadi ku Lusaka amafuna akazi a ku Malawi, akuti sitiyankha mabwana. Ndinamutsatira, koma chikwama changa ndinachikhalira njira yonse, kuchokera pa Chipata mpaka basi inaima m'tauni. Mayiyo anandiseka. Ndinamuleka aseke.

Mapepala ndinalibe. Munthu wopanda mapepala m'dziko la eni amaseka ndi mano okha. Aliyense wodziwa kwanu wakugwira mwendo: mukayambana ndi wophika, iye ali ndi foni, ndipo akudziwa kumene angaimbe. Choncho ndinaphunzira kudya ndekha, kuchapa ndekha, kudwala ndekha. Kuchalichi ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Kumayadi a ku Kabulonga ndinakhalako zaka zambiri, m'kachipinda kuseri kwa garaja, mkati mwa mpanda wautali wokhala ndi waya pamwamba. Ndinalera ana a eni mpaka anamera ndevu. Yohane ndinkamuona pa foni, chaka chino ali ndi mano ogweluka, chaka china wavala yunifolomu, kenako mawu akula. Zimene ndinkapeza zinkabwera kuno. Zinasanduka malata, zinasanduka sukulu, zinasanduka chitsime cha pakhomo pano.

Kenako kunabwera zaka za mdima. Mvula inavuta, ankati ku Kariba madzi atsika, ndipo magetsi, amene kumeneko amati malaiti, ankabwera ngati mlendo wodutsa. Nyama inkaonongeka mu firiji, jenereta inkalira mpaka mutu kuwawa, ine ndinkasita malaya a bwana ndi simbi yamakala ngati ndili kumudzi. Tsiku lina ndikuthira tiyi, madamu, amene ankanditcha ambuya, kutanthauza agogo, anangoti, “Ambuya, ise tiyenda ku bana kunja. Nyumba tagulisa.” Anandipatsa madiresi awo akale ndi ketulo.

Ndinagogoda mageti ku Woodlands, ndinafunsa m'mafulati a ku Kabwata. Yankho linali limodzi: “Ambuya, tifuna kamtsikana. Imwe mwakula.” Kuno Esinati anali atakwatiwanso, ndipo m'nyumba ya malata anga munali mwamuna amene ndinali ndisanamuonepo. Ndikatchula zobwerera pa foni, mawu a mwana wanga ankazilala. Ndinadziwa kuti ndikapanda kupeza ntchito ina, kwatsala basi ya ku Chipata, ndi kukakhala mlendo pakhomo panga.

Amene anandipezera ntchito anali mphwake wa bwana, mnyamata wa ndevu zometa bwino amene aliyense ankamutcha Ba Injiniya. Ali mwana ndinkamutsekera kabati ya shuga. Anati pa famu ina kupitirira Chelstone, mbali ya msewu wa kum'mawa, kampani yawo yaika sola pa damu, ndipo akufuna amayi otsuka.

“Pa damu, kapena pambali pa damu?” ndinamufunsa.

“Pa manzi penipeni, ambuya. Muzaona.”

Ndinapeza kachipinda ku Chelstone, kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma, ndipo lole inkatitenga pamsika kusanatenthe.

Tsiku loyamba ndinaima pa khoma la damu n'kugwira pakamwa. Pamadzi panali munda wa magalasi akuda, mizere mizere, onse atapendekera kudzuwa. Anawakhazika pa zinthu zapulasitiki zonga zigubu, zolumikizana, ndipo pakati pa mizere panali tinjira toti munthu n'kuponda. Chonsecho chinkapuma. Mphepo ikadutsa, chinkakwera n'kutsika ngati mimba ya ng'ombe yogona. M'mbali munali zingwe zikuluzikulu zochimangirira kumtunda, koma zosakoka kwambiri, kuti madzi akakwera kapena kutsika, mundawo uzitsatira.

Ba Injiniya ankakonda kulankhula. “Onani ambuya, zuba imamwa manzi ya mu damu. Tikavininkila na mapanelo, imamwa pang'ono. Manzi nayo ipepeza mapanelo, yasebenza bwino kuchila pa mutenge wa nyumba. Na munda wa munthu sitinatenge, olo kamuzele kamozi.”

Zinazo zinandidutsa, koma za mundazo ndinazimva. Kwathu aliyense wobwera ndi chitukuko amayamba wayeza munda wako.

“Manje ganizani ku Kariba,” anapitiriza, maso ali kutali. “Muzuba mapanelo yasebenza, manzi tasunga. Zuba ikangena, manzi yasebenza. Malaiti siyangayende futi.”

Ndamva anthu ambiri akumanga mizinda ndi pakamwa. Koma chimene ndinaona ndinena. Pampu ya pa famupo inkalira tsiku lonse, madzi n'kumathamanga m'minda ya tirigu, pamene ku Chelstone ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo anali atakhala pa mabenchi manja ali m'thumba. Madzulo lole ikatitsitsa, ndinkalowa m'chipinda chamdima, ine amene ndaswera ndikupukuta magetsi.

Ntchito yake inali ya akakowa. Mbalamezo zinaona kuti azungu azimangira pogona pakati pa madzi, ndipo m'mawa uliwonse magalasi ankakhala oyera ndi zitosi. Galasi lodetsedwa silimwa dzuwa. Tinkatsuka m'mawa magalasi asanatenthe, ndi burashi yofewa ya mpini wautali, ndi madzi a m'damu momwemo. Sopo ayi, chifukwa cha nsomba ndi ng'ombe. Tinkavala majekete oyandamitsa, akuluakulu, osokera amuna.

Ndiye panali lamulo la chingwe. Tinkagwira awiriawiri. Wotsuka ankamanga lamba m'chiuno, ku lambayo chingwe, ndipo mnzake ankaima pa njira yaikulu ya pakati pa magalasi atagwira chingwecho m'manja, kumachimasula pang'onopang'ono mnzake akamapita, kumachikoka akamabwerera. Ba Injiniya ananena mosaseka: “Chingwe chinkala m'manja mwa munzako. Osamanga kulikonse. Nikapeza chamangiwa, nchito yasila.”

Mnzanga anali Bana Mwansa, mayi wa Chibemba wa ku Kopabeliti, wamfupi, wa mikono ngati mwamuna, woseka ndi thupi lonse. Mwamuna wake anafera ku migodi, iye n'kubwera ku Lusaka ndi ana. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza zonsezi, ndi matenda a mlamu wake omwe, ine ndisanamuuze ngakhale dzina la mudzi wanga. Munthu wotere ndimamuopa. Wokuuza zake zonse amakhala akudikira zako.

“Shani, ba Malawi?” anatero. Unali moni wa kwawo. Sindinamuuze kwathu, anangomva lilime.

“Ndine wa ku Chipata,” ndinatero.

“Ehe, ba Chipata ba ku Malawi. Bwelani nikumangeni lamba.”

Ndinamanga ndekha.

Ine kusambira sindidziwa. Ndipo ankati ndipereke chiuno changa m'manja mwa mkazi amene wandidziwa kwathu tsiku limodzi, woseka, wocheuka mbalame iliyonse ikadutsa. Ndinayang'ana uku ndi uku. Chapafupi ndi mizere yoyambirira panali nsanja ya pampu, yasimenti, yozikika pansi pa damu, yokhala ndi chitsulo chogwirira. Chitsulo sichiseka. Chitsulo chilibe foni.

Ba Injiniya atangokwera galimoto, ndinatenga chingwe changa n'kuchimanga ku chitsulocho, mfundo yanga ya pa mtolo wa nkhuni.

“Imwe ambuya, mufuna kutichosesa nchito?”

“Mizere ya pafupi ndi nsanja ndi yanga. Yakutali ndi yanu, ndikugwirirani. Mukaona fumbi la galimoto, thamangani mudzagwire.”

“Nanga manja yanga yali na chani? Yali na mafina?”

“Manja anu ndi abwino. Ndi anu.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka, koma osati ndi thupi lonse. Kuyambira pamenepo tinkagwira choncho. Ine ndikamatsuka mizere yanga, iye ankatsuka mzere woyandikana nawo, popeza analibe chogwira, ndipo tinkamaliza msanga kuposa anzathu.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti iye ankapita kumapeto kwenikweni, kumene madzi ndi akuda, osacheuka n'komwe kuona ngati ndagwira. Ankaimba nyimbo za kuchalichi kwawo, matako m'mwamba, akukwecha zitosi. Ndi iye anandiphunzitsa kagwiridwe. “Osayangana ine, ambuya, maso yachedwa. Mvelani m'manja. Chingwe chikamba.” Zinali zoona. Munthu asanaterereke, chingwe chimanjenjemera kaye. Akatopa, chimalemera. Ndinkadziwa tsiku limene Bana Mwansa sanadye, ndinkadziwa tsiku limene mwana wake wamkulu wagonanso kumowa, iye asananene. Chingwe chake sindinachitayepo. Ngakhale ntchentche itere pamphuno, ndinkaileka.

Masana tinkakhala pansi pa mtengo, iye n'kumatyola chinangwa chake chootcha pakati. Ndinkalandira, chifukwa kukana chakudya n'kuyamba nkhondo, koma ndinkadikira iye ayambe kudya.

“Mukali kuganiza nizakuthililani mankwala?”

“Ndikudikira chizizire.”

“Chinazizila dzulo, ambuya.”

Chilimwe chinafika, madzi a m'damu anatsika, matope anaonekera m'mbali. Zingwe zikuluzikulu zija zinalendewera, ndipo munda wa magalasi unayamba kuyendayenda kuposa kale. Ndinaona, koma ndinati chitsulo changa chili pomwepo. Ndiye kunabwera mphepo ija ya fumbi, yoyamba mwadzidzidzi dzuwa litakwera.

Ndinali nditawerama, ndikukwecha. Sindinamve kuti pansi panga pakuyenda. Magalasi onse, ndi ine ndemwe, tinkachoka pa nsanja, koma chingwe changa chinali ku nsanja. Chinakoka kamodzi m'chiuno, ngati munthu wamkulu wakukwatula kumbuyo, ndipo ndinaona thambo.

Madzi a damu ndi ozizira ngakhale m'chilimwe. Jekete lija linakwera n'kunditseka kumaso. Nditalikankha, ndinapeza ndili pampata, nsanja kumbuyo, magalasi kutsogolo, ndipo mphepo itatembenuka chimunda chonsecho chinayamba kubwerera. Chinkabwera pang'onopang'ono, chikulira m'malumikizo mwake, kudzandipanikiza ku simenti.

Bana Mwansa anali atagona chafufumimba pa kanjira, atatambasula mpini wa burashi. Ndinaugwira. Anakoka kuti andipititse kumbali, kumene kunali potulukira, koma chingwe chinandibweza. Mfundo yanga inagwira ntchito yake.

“Masulani lamba!”

Sindinamasule. Dzanja limodzi linali pa mpini, lina pa chingwe, ndipo chingwecho chinali cholimba, chomangika ku chinthu chosasuntha. Mpiniwo kumapeto kwake kunali munthu.

“Ambuya! Masulani, nakugwilani! Niyanganeni!”

Ndinamuyang'ana. Mungaseke, koma ngakhale pamenepo, madzi ali m'kamwa, ndinamuyang'ana kaye kumaso monga ndimayang'anira wogulitsa nsomba. Sankaseka. Mitsempha inali itatuluka m'khosi, chitambala chitagwa, mwendo ataukola ku chigubu.

Ndinamasula lamba.

Anandikoka ngati thumba la chimanga lonyowa, mimba yanga ikukhulika pa pulasitiki. Miyendo itangotuluka, ndinamva magalasi akugunda nsanja kumbuyo kwanga, ndipo limodzi linasweka. Tinagona pamenepo tonse awiri, tikupuma ngati agalu. Kenako anandimenya kambama pa phewa, kowawa ndithu.

“Chikote ichi!” anatero, akulira. Mawuwo ndi a kwawo, onena nkhalamba, ndipo sanawanene mwaulemu.

Galasi losweka silibisika. Ba Injiniya anafika masana, natiitanira m'kanyumba ka pampu. Asanafike, Bana Mwansa anali atapita kale ku nsanja, n'kulimbana ndi mfundo yanga ndi mano mpaka kuimasula. Ine ndinakhala pa ndowa, nditafunda chitenje cha mayi wina, ndikudziwa kuti ntchito yanga ili pa lilime la mkazi uyu. Ndinkadikira anene. Akanangoti ambuyawa amamanga ku chitsulo, ndiponso si a kuno, zikanathera pomwepo, ndipo sindikanadabwa.

“Chingwe chenze kuti?” anafunsa Ba Injiniya.

“M'manja mwanga, ba bosi,” anatero Bana Mwansa, maso ali gwa. “Mphepo inabwela, chinanipulumuka. Ni ine.”

Ba Injiniya anapukusa mutu. “Bana Mwansa, muziba lamulo. Wotaya chingwe...”

“Niziba. Nipaseni chabe chenjezo, ba bosi, sinizabwezapo.”

Mwina akanamupatsa chenjezo. Mwina akanamuchotsa, ana ake anali kudya za pa damupo. Sindikudziwa. Chimene ndinadziwa nditakhala pa ndowapo n'chakuti munthu akanena bodza kuti akutchinjirize, wakumanga lamba amene sudzamasula. M'mawa uliwonse ndikanamuyang'ana kumaso kuona ngati lero ndi tsiku lokumbutsa. Moyo wanga anali atautola kale m'madzi; umenewo sindikanaubweza. Koma uwu wachiwiri ndikanatha kuukana.

“Akunama,” ndinatero. “Sanagwire. Ndinamanga ku chitsulo cha nsanja. Ndakhala ndikumanga kuyambira tsiku loyamba. Iwowa ankandiletsa.”

Bana Mwansa anatseka maso. Ba Injiniya anandiyang'ana monga ankandiyang'anira pa kabati ya shuga, koma tsopano kiyi anali naye ndi iye.

“Ambuya, mwanipasa vuto,” anatero motsitsa mawu. “Nikakusiyani, mawa bonse bazamanga ku nsanja.”

“Ndamva, bambo.”

Bana Mwansa sanandilankhule mu lole. Sanandilankhule mawa lake. Koma ntchito itatha choncho, tsiku lonyamuka kubwerera kwathu ndinamupeza ataima pa geti la mphunzitsi, atavala za kuchalichi. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, tinadutsa ku msika wa Soweto kuti ndigule nsapato za mwana wa Yohane, amene ndinangomva kuti wabadwa. Ali pakati pa anthu ndi mawilibala m'pamene anaphulika.

“Nenze nifuna kukuthandizani, imwe!”

“Ndinadziwa.”

“Manje?”

“N'chifukwa chake.”

Anaima, nandiyang'ana, n'kupukusa mutu. Kenako anandilanda chikwama, n'kuchisenza pamutu. Ndinamuleka. Anatsogola kulowera kokwerera mabasi, ine pambuyo nditagwira lamba wa chikwamacho amene ankalendewera. Anacheuka, naona, ndipo anaseka ndi thupi lonse mpaka chikwama kugwedezeka.

“Gwilani, ambuya, gwilani. Kugwila muziba.”

Anaima pawindo mpaka basi inanyamuka. Nambala yake ndili nayo. Sindinaimbepo, ndipo sindinaifufute.

Kuno ndinapeza zimene ndinkayembekeza. Mkamwini ndi munthu waulemu, amandilankhula ali chapatali, chipewa m'manja, koma makiyi a nyumba amakhala m'thumba mwake. Anandikonzera chipinda chimene ankasungamo feteleza. Fungo lake silinathe mpaka lero. Esinati wakalamba kuposa mmene ndinkamuonera pa foni, ndipo amandifunsa ngati ndimathira shuga, ngati mlendo. Yohane ndi bambo wa ndevu. Amanditcha agogo a ku Zambia. Ndinayesa kuwafotokozera za munda wa magalasi woyandama, wopanga magetsi osadya mzere wa munthu. Ndinati ngakhale damu la kusikimu kuno likhoza kusenza wotere, madzi ake n'kumachedwa kuphwa. Anayang'anizana. Mkazi wa Yohane anati, “Agogo, ku Zambia kuli zinthu,” ndipo anapita kukaseka kuseri. Sindinabwerezenso.

Chaka chino chitsime chija chaphwa. Yohane anati alowemo akumbe, afike pamadzi. Mkamwini ndi anyamata ena anamumanga chingwe m'chiuno, mbali inayo anaimanga ku mtengo wa mango, n'kumutsitsa. Atafika pansi, amuna anakhala pamthunzi, wina pa foni, wina akusenda nzimbe, kudikira kuti aitane akadzaza ndowa.

Ndinatuluka ndi kampando kanga. Bondo linakana, koma ndinalikoka. Ndinakhala pakati pa mtengo ndi chitsime, ndinatola chingwe pamene chinagona m'fumbi, ndinakoka cholendewera chonse mpaka ndinamumva mwanayo m'manja.

“Apongozi, musavutike,” anatero mkamwini ali chapatali. “Tamanga kale ku mtengo. Mfundo yake ndi yolimba.”

“Ndaiona.”

“Ndiye kapumeni. Kapena apatseni anyamatawa agwire.”

Ndinawayang'ana anyamatawo, mmodzi ndi mmodzi. Sindinawapatse.

Chingwe chinkalankhula. Ndinamva khasu likutsika, ndinamva akusintha mwendo, ndinamva pamene anaima kuti apume, ndipo ndinadziwa kuti phewa lake lakumanzere limamuvuta, chinthu chimene palibe anandiuza pakhomo pano. Patapita nthawi chinagwedezeka kawiri, ngati munthu akufunsa. Mawu anakwera kuchokera pansi, aang'ono, a m'dzenje.

“Kodi wagwira chingwe ndani kumeneko?”

Ndinasendera pafupi ndi pakamwa pa chitsime.

“Ndine. Kumba.”